Telala wa Pakhonde la a Jayant

"Kwezani phazi pang'ono, a Peterson, tepi yoyezera idutse," anatero Khushbu atagwada pansi pa makina osokera a bambo anga.

Abambo anakweza mapazi onse awiri, akuseka. Ine ndinangoima poteropo ndi kambale ka chakudya chawo chamasana. Khushbu anali mdzukulu wa malemu a Jayant, eni sitolo yakale ya mu Limbe imene abambo ankasokera pakhonde pake kuyambira ndisanabadwe. Anakaphunzira kunja zojambula mapulani a nyumba, ndipo anabwerera msangamsanga atamva kuti amalume ake akufuna kugwetsa sitoloyo kuti amangepo nyumba yosanja ya magalasi.

"Nyumba ino siigwa," anatero akusasa fumbi m'mawondo. "Nsanamira izi, zitseko za mlombwazi, zonse tisunga. Koma khonde lopanda telala ndi chigoba chabe. Inuyo muli m'pulani yanga."

Anatitambasulira pepala. Zoonadi, pakati pa nsanamira ziwiri panali kamunthu ka pensulo, katawerama pa makina. Madzulo amenewo aliyense amene anakwera nafe minibasi ya ku Chinyonga anamva, afune asafune, kuti a Peterson alowa m'pulani. Ndisaname, ndinawanyadira.

Ntchito yokonza itatha, sitolo ija inasanduka malo omwera khofi ndi ogulitsira ziboliboli kwa alendo. Khushbu anadula riboni, anagwetsa misozi pang'ono, n'kukwera ndege kukapulumutsa nyumba zina. Makiyi anatsala ndi manijala, a Stewart, munthu wonunkhira perefyumu amene ankayankhula Chichewa ngati chikumuwotcha m'kamwa.

Abambo anapatsidwa malaya oyera, ndipo makina awo anayamba kugona m'sitolo momwemo. Koma kunyumba munthu uja anazima. Nthabwala zonse za makasitomala zimene ankatiseketsa nazo zinatha. Tikafunsa za kuntchito ankangoti, "Kuli bwino," n'kukagona.

Chinkhoswe changa chinali chitayandikira. Diresi abambo analonjeza kusoka okha, pakuti mwana wa telala sangavale za pakaunjika pa tsiku lotero, koma nsalu inangokhala pamwamba pa kabati. Kenako ndinakumana ndi mayi Halimatu, ogulitsa tomato mumsika wa Limbe.

"Abambo ako anatukuka eti?" anandilasa. "Ndapitako ndi chilundu changa, mlonda wandibweza ngati ndabwera kudzapempha. Ife amene tinkawadyetsa zaka zonsezi lero tikununkha?"

Zinandiwawa. Mawa lake ndinanyamula nsalu ija kupita nayo komweko.

Nyumba inali yokongola, ndisainamizire. Laimu anali mbee, nsanamira zikuwala, maluwa ali m'miphika pamene kale anyamata oitanira minibasi ankakhala atavala chitenje, kudikira kuti thalauza lawo liikidwe chigamba. Phokoso la makina a abambo ndinalimva ndili patali, ndipo mtima unakhala pansi. Koma pamasitepe mlonda ananditchingira ndi chibonga chake, a Stewart n'kutulukira.

"Sisi, makasitomala a telala tinaletsa," anatero akuyang'ana jumbo yanga. "Amadzaza khonde. Alendo athu amadyera pompano."

"Ndine mwana wawo."

"Ndiye mukawaonera kunyumba."

"Nanga ngati makasitomala munaletsa, akusoka za yani?"

Anaseka, mano onse pamtunda. "Ndi heritage imeneyo, sisi, zakale zoonetsa alendo. Pulani imati pakhale telala, ndiye telala alipo. Siinanene kuti pakhale msika."

Nthawi yomweyo kunaima kabasi ka alendo. Anatsika ndi zipewa zawo, mafoni ali m'mwamba. A Stewart anandiiwala. Anathamangira kukhonde akuwomba m'manja.

"Madala, pondani! Mutu m'mwamba! Mwetulirani, mwaiwalanso?"

Bambo anga, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, amene a Jayant eniakewo ankawapatsa moni ndi manja awiri, anadzutsa mutu n'kumwetulira. Ndinamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi. Ndinamukankha mlonda uja, ndinadutsa pakati pa alendo mpaka ndinaima pamaso pa makina, nsalu yanga ili m'manja.

"Ababa, diresi langa lija," ndinatero.

Mapazi anali kupondabe, gudumu likuzungulira, chitenje chowala chikuyenda pansi pa singano. Chikafika kumapeto ankachitembenuza n'kuyambiranso. Apo m'pamene ndinaona kuti singanoyo inalibe ulusi.

"A Stewart anati ulusi ungawononge chitenje cha chionetsero," ananong'ona, kumwetulira kuja kusanachoke pankhope, maso ali pa alendo. "Sendera uko, Alefa. Ukutchinga kamera."

Ndinasendera. Singano inapitiriza kukwera ndi kutsika, ikuboola timabowo pamwamba pa timabowo tadzulo, ndipo alendo anawomba m'manja.