Uvuni m'Chulu cha Apongozi

Josiah Daka anali atagwada pambali pa chulu, mkono uli m'dzenje lomwe anakumba m'mawawo, akuyesa ngati latentha mokwanira, pamene mkazi wake Consolata anatulukira panjira ya kudambo atasenza mtsuko. Ataona utsi anatula mtsuko uja mofulumira moti madzi ena anatayika. Mwamuna wake sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali paphulusa.

"Udzu unali apa uli kuti?"

"Ndasonkhela moto," anatero Josiah akumwetulira. "Ndi timitengo tomwe. Wina anachita kundiikilatu bwinobwino ngati anadziwa kuti ndibwela."

"Wina ameneyo ndi amai. Ichi ndi chulu chawo cha inswa."

Kumwetulira kuja kunathera pomwepo. Aliyense ku Kacholola amadziwa kuti chulu chimakhala ndi mwini wake. Mvula yoyamba ikagwa inswa zimatuluka, ndipo mwini chulu amakhala atalambula kale, atakumba kadzenje kogweramo, atadula udzu ndi timitengo tofolerera pamwamba kuti zisauluke. Amai Sophia, apongozi ake a Josiah, anali atachita zonsezo sabata yathayo, ndi msana wawo wopwetekawo. Chulucho anasiyiridwa ndi mayi awo, ndipo chinkawapatsa ndiwo zofika nazo pa Khirisimasi. Koma Josiah anali atatha zaka khumi ndi chimodzi ku Halale akuphikira mzungu, ndipo mutu wake unali utaiwala zambiri za kumudzi. Iye ataona chulu choyeretsedwa bwino, anangoona uvuni.

Ndipo pa masiku onse, anasankha tsiku loipa. Masana omwewo a Cosmas, malume wake wa Consolata, anali kubwera panjinga kuchokera ku Luembe kudzaweruza nkhani imodzi: kodi mtchona ameneyu akhale pamudzi pano ngati mkamwini, kapena anyamule sutikesi yake abwerere kwawo, Consolata akwatiwe ndi munthu wodziwa khasu?

Nkhaniyo inayamba tsiku lomwe Josiah anatsika basi yopita ku Fort Jameson, masiku asanu m'mbuyomo. Chinali chaka chachinayi cha Chitaganya, ndipo amuna obwera kuchokera ku Halale ankafika ndi njinga, makina osokera kapena galamafoni. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona sutikesi ikutsegulidwa. Munatuluka chitini chophikira keke, sefa, foloko, kathumba ka fulawa, shuga, batala wa m'chitini, kabotolo ka ufa wofiirira wonunkhira wotchedwa sinamoni, ndi maapulo asanu ndi limodzi okulungidwa m'nyuzipepala, lililonse palokha ngati mazira. Basi. Amai Sophia, popeza mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anauza mwana wawo mokweza kuti afunse mwamuna wakeyo ngati zaka zonsezi anali kuntchito kapena anali mumtengo ndi anyani. Mawa lake Josiah anagwira khasu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu manja anali matuza okhaokha. Amuna a pamudzi anayamba kumutchula kuti adona.

Zinamupweteka, tisabise. Munthuyu ntchito yake ankaidziwa. Loweruka lililonse ankaphika keke ya maapulo, ndipo alendo a bwana wake ankamuitanitsa kukhitchini kuti amuone wophikayo. Akapita ndi bwanayo kutchire kukasaka, Josiah ankakumba chulu chilichonse chomwe wapeza n'kutulutsamo buledi wofewa kuposa wa m'sitolo. Pabasi yobwerera kwawo analumbira mumtima kuti mkazi wake, amene anamudikira zaka zonsezo, adzalawa chimene manja akewo amatha.

Tsopano Consolata anali kumuchonderera kuti athire madzi m'dzenjemo, athamange akapepese amai asanaone utsi. Josiah anayang'ana mphasa yomwe anayala pamthunzi. Zonse zinali zokonzeka. Batala ndi shuga anali atazitakasa ndi foloko mpaka mkono kuwawa, mazira atatu a nkhuku ya Consolata atalowamo limodzilimodzi, fulawa atasefa kawiri pamodzi ndi soda ndi sinamoni. Apulo limodzi linali litawola ndi kutentha kwa Okutobala. Asanu otsalawo anawasenda mopyapyala, n'kuwadula timagawo, n'kutiyala pansi pa chitini mozungulira, kena pamwamba pa kanzake ngati udzu wa padenga.

"Chulu ndachiocha kale," anatero. "Ndikazima moto lomba, amai ataya inswa, iwe utaya keke. Chimodzi chipulumuke."

Anakokera makala kunja ndi khasu, n'kuponya kafulawa pang'ono m'dzenjemo. Kanasanduka kofiirira pang'onopang'ono, osapserera, ndipo iye anagwedeza mutu kuvomereza. Anathira phala la keke lija pamwamba pa maapulo, n'kulowetsa chitini pa miyala itatu, n'kutseka pakhomo ndi chidutswa cha lata, n'kumata m'mbali ndi dothi lonyowa. Madzi ake anali otsala mumtsuko wa Consolata uja.

Dothi lisanaume, amai Sophia anafika. Utsi anauonera kunyumba. Josiah anapatuka n'kukaima kuseri kwa chitsamba monga mwa mwambo, ndipo anamva ndodo ya apongozi ake ikufukula phulusa. Akanakalipa zikanakhala bwino. M'malo mwake anawerama, n'kutola kamtengo kopserera, makoko a maapulo ndi njere zake zomwe Josiah anataya pambali pa mphasa, n'kumanga zonsezo pakona ya nsalu yawo kuti zikakhale umboni. Kenaka anabwerera kumudzi, Consolata akuwatsatira m'mbuyo misozi ili m'maso.

Sipanapite nthawi, Consolata anabweranso. A Cosmas anali atafika, atamva zonse, ndipo anali kumuitana tsopano lino. Josiah anayang'ana mthunzi wa kamtengo komwe anazika pansi poyezera nthawi, n'kuyankha kuti akawapepesere amalume, iye sangachoke mpaka mthunziwo utafika pamwala. Keke ikatsegulidwa msanga imagwa pakati, ikachedwa imapserera. Consolata anamufunsa ngati akumva zimene akulankhula, kuti malume wa mkazi wake adikire chakudya. Josiah anati akumva, koma sanasunthe.

Choncho mlandu unachita kumutsatira kuchulu. A Cosmas anafika kutsogolo, munthu wamfupi wa mawu aakulu, thalauza akadali womanga ndi zopanira za panjinga. Amai Sophia anakhala patali pang'ono atafulatira. Anthu ena asanu kapena asanu ndi mmodzi anabwera okha osaitanidwa, monga amachitira anthu akamva kuti wina athamangitsidwa.

A Cosmas analankhula nthawi yaitali. Anati safunsa anadya phula. Anati munthu wobadwira m'dziko lino sangaone chulu cholambulidwa n'kuganiza kuti achita kumulambulira angelo. Anakumbutsa za zaka khumi ndi chimodzi, za nkhokwe yomwe inagwa popanda mwamuna woimanga, za denga lomwe mlongo wawo, amai Sophia, anafolera okha. Zonsezo zinali zoona, ndipo Josiah atagwada chammbali anavomera chilichonse. Anati za chuluzo walakwa kwambiri, adzatseka dzenjelo, adzamweta udzu wina ngakhale manja atuluke magazi.

Koma a Cosmas ali mkati molankhula, fungo linayamba kutuluka m'ming'alu ya dothi lija. Linali fungo lomwe mudziwo unali usanalimvepo. Mmodzi wa amuna omwe ankamutchula Josiah kuti adona anasendera pafupi, ati kuthawa dzuwa. A Cosmas eniake anataya mfundo kawiri, n'kubwereza za nkhokwe zija.

Mthunzi unafika pamwala a Cosmas akunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Josiah anawomba m'manja mwaulemu, n'kunyamuka mawuwo asanathe. Anthu anayang'anana. Iye anaswa dothi, anachotsa lata, n'kutulutsa chitini atachigwira ndi malaya ake. Anathyola kaudzu kouma, n'kubaya pakati pa keke, n'kukatulutsa kali mbee. Anadikira pang'ono, onse akumuonerera, kenaka anavundikira chitinicho ndi mbale n'kutembenuza.

Inatuluka yathunthu, osatsalira ngakhale pang'ono. Timagawo ta maapulo tija tinali pamwamba tsopano, tofiirira, tonyezimira ndi shuga wosungunuka, tili m'mizere yake momwe anatiyalira. Josiah anaimirira mowongoka kwa nthawi yoyamba chifikireni pamudzipo. Amene anamuona tsiku lija akuti munthuyo anachita kutalika.

A Cosmas anakhosomola n'kunena kuti nkhani sinathe. Anatembenukira kwa Consolata n'kumufunsa maganizo ake, poti ukwatiwo unali wake.

"Amalume, ndadikila zaka khumi ndi chimodzi kuti ndione chimene anapitila," anatero Consolata. "Ndiloleni ndidye, ndiyankhe nditadziwa."

Josiah anaidula. Gawo loyamba linapita kwa a Cosmas, lachiwiri Consolata anakapereka kwa mayi ake, lachitatu linali lake la Consolata, ndipo otsalawo anagawira anthu osaitanidwa aja mpaka mbale inayera. A Cosmas anatafuna atatseka maso. Consolata analuma kamodzi, n'kuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali ngati akumuona koyamba. Amai Sophia gawo lawo anangoliika pamwendo, osalikhudza.

Ngakhale anali atafulatira, mayiwo ankaona zonse ndi kona ya diso, monga amachitira apongozi. Anaona kuti mkamwini wawo wabwerera m'mbuyo, waima chilili, manja kumsana, maso kutsogolo. Anaitana mwana wawo.

"Mufunse mwamuna wakoyo chimene waimilila ngati msilikali. Gawo lake lili kuti?"

Josiah anadziyang'ana, ndipo manyazi anamugwira. Sanadziwe n'komwe kuti waima choncho. Anayankha kudzera mwa mkazi wake kuti chinali chizolowezi cha kuntchito: akapereka chakudya ankaima pakhoma kudikira mbale. Amai Sophia anafunsanso kuti nanga kekeyo ankadya nthawi yanji.

"Sindinadyepo," anatero Josiah. "Ndinali kupala zotsalila m'chitini potsuka."

Mwamuna uja amene ankakonda kunena za adona anasiya kunyambita zala. Amai Sophia anakhala kanthawi akuyang'ana gawo lomwe linali pamwendo pawo. Kenaka analinyema pakati, n'kupatsa Consolata theka.

"Kamupatse. Umuuze akhale pansi. Kuno kulibe bwana wake."

Josiah anakhala pamphasa n'kudya. Anatafuna pang'onopang'ono, ndipo luso lake lomwe linamuuza kuti sinamoni anachepa pang'ono, koma anadziwanso kuti keke yabwino chotere anali asanaphikepo m'khitchini iliyonse ya ku Halale. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise. Apongozi ake nawo anadya theka lawo mpaka nyenyeswa, osanena kuti yakoma kapena ayi. Kwa mayi amene uja, kuyamikira munthu kunali ngati kumuchotsa dzino.

A Cosmas anapukuta pakamwa n'kufunsa mlongo wawo kuti umboni uja autulutse, nkhani ithe. Amai Sophia anamasula kona ya nsalu. Kamtengo kopserera anakataya. Makoko anawaponyera nkhuku. M'dzanja mwawo munatsala njere zakuda zokhazokha, ndipo anazitembenuzatembenuza ndi chala.

"Mufunse, mtengo wa zimenezi umabala pakapita zaka zingati?"

Josiah ananena zoona. Anati zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo kuno kotentha chonchi mwina sungabale n'komwe, ngakhale munthu atauthirira tsiku ndi tsiku.

"Inswa zanga za chaka chino zapita," anatero amai Sophia. "Lomba ndifuna zipatso m'malo mwake. Abzale kuseli kwa nyumba yanga. Wothilila ndi iye, m'mawa ndi madzulo, mpaka nditadya chipatso chake. Ngati subala, azithililabe."

Anapereka njerezo kwa Consolata, n'kutola ndodo yawo, n'kuuyamba wa kumudzi. A Cosmas anaona kuti wothirira mtengo zaka zonsezo sangathamangitsidwe. Anafunsa Consolata ngati ali ndi mawu ena, ndipo iye anayankha kuti wadya, wadziwa, mwamuna wake ndi yemweyo. Amalumewo anadandaula kuti apalasa njinga kuchokera ku Luembe pachabe, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati fulawa watsalako.

Mvula inagwa patatha masabata awiri, ndipo m'chulu chija simunatuluke inswa ngakhale imodzi. Amai Sophia sanaiwale, ndipo ankaikumbutsa nkhaniyo mokweza nthawi iliyonse ndiwo zikasowa. Koma kuseri kwa nyumba yawo kunali katchinga ka minga, ndipo m'mawa uliwonse mvula ikapanda kugwa, Josiah ankadutsa pakati pa mudzi kuchokera kudambo atanyamula madzi m'chitini chake cha keke, mutu uli m'mwamba. Pa njere zonse zija panamera ziwiri.