Kiyi wa tchalitchi cha ku Woolwich

"Alamu, kiyi ameneyo musapereke," anatero Miriam, tsache lili m'manja.

Shadrick anayang'ana kiyiyo m'manja mwake. Mkazi wake Tionenji anali ataikidwa dzulo lake, ndipo mwambo wosesa anauchitira muno, m'tchalitchi chakale chomwe malemuyo ankasamalira, poti kufulati kwawo kunali kopanikiza. Chisamutsireni khonsolo anthu a m'nyumba zozungulira, akhristu anatsala owerengeka. Kampani yomwe inagula malowo inalonjeza kusiya khoma lakumaso, la miyala yakale, kuseri kwake n'kumanga mafulati. Munthu wa kampaniyo ankadikira kiyi m'galimoto panja.

"Achemwali anakana zaka zonsezi. Inu mupereke dothi lisanaume pamanda?"

"Anti, adadi atopa," anatero Nicole, mwana wa malemu. "Nkhani inatha kale kukhoti. Komanso khoma alisiya."

"Khoma. Tizipemphera pakhoma ngati abuluzi?"

"Mphamvu zake ine ndilibe, alamu," anatero Shadrick. "Ndinkangoona akuweruka kuntchito m'mawa, Lachitatu lililonse, osagona, ulendo wa kuno. Sindinafunsepo kuti kumakhala chiyani."

Anatuluka, kiyi ali m'manja. Pamasitepe panakhala mzungu wokalamba, ndodo ili pamiyendo. Anati dzina lake ndi Felton, wobadwira mumsewu womwewo, ndipo anafunsa m'Chingerezi ngati mayi uja wachedwa lero.

"Kwanga kumazizira," anatero. "Amanditsegulira Lachitatu lililonse n'kuyatsa hita."

"Mumapemphera limodzi?"

"Ayi. Iye amagona pabenchi, nsapato atavula. Ine ndimangokhala. Ndikafuna kupita ndimamudzutsa."

Shadrick anamuuza za maliro. Mkuluyo anavula chipewa, kenako anayamba kudzuka movutikira kuti azipita.

"Tadikirani," anatero Shadrick.

Anawoloka msewu n'kugogoda pagalasi la galimoto ija.

"Lero muli munthu m'menemo. Mubwere mawa."

"Bambo, tinagwirizana lero."

"Mawa ndidzakupatsani ndekha."

Anabwerera, n'kugwira mkuluyo pamkono mpaka pabenchi lakutsogolo. Miriam ndi Nicole anangoyang'ana. Shadrick anagwada pafupi ndi hita, dzanja likufufuza kukhoma, osapeza poyatsira.

Felton analoza ndi ndodo.

"Kuseri kwa limbalo. Ikapanda kuyaka muimenye pambali. Iye amaimenya ndi nsapato."

Shadrick anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato yake.