Magazi a Mkamwini

Edina anafika pa chipatala cha mishoni zikhatho zili mbee, malungo atamumaliza magazi. Adokotala sanachulukitse mawu: mwanayu alandire magazi lero, apo ayi mawa kukhala maliro. Mufiriji yosungira magazi munalibe kanthu, choncho abale ndiwo anayenera kupereka.

Marita, mayi wa mwanayo, anayang'ana mlongo wake Bonifasi. Uyu ndiye anali mwini mbumba kwawo ku Bowe, munthu amene pa mowa paliponse ankadziguguda pachifuwa kuti ana a Marita ndi magazi ake. Ndi yemweyonso anathamangitsa Lazaro, mwamuna wa Marita, chaka chimene anthu anavotera matipate, ati mkamwini wa ku Mulanje wayamba mwano. Koma atangomva za singano, bamboyu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi fodya woti athyole, ndipo munthu wopopedwa magazi sagwira ntchito.

Marita anatumiza uthenga ku esiteti ya fodya ya ku Chisepo kumene Lazaro ankachita utenanti. Dzuwa lili paliwombo, Lazaro anatulukira pa njinga yobwereka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Sanamupatse mlamu wake Bonifasi ndi moni womwe. Analowa ku labu koyezera magazi n'kutambasula mkono.

Vinsenti, wogwira ntchito ku labuko, anapachika thumba la magaziwo pa msomali n'kulisiya kwa maola angapo. Pang'onopang'ono ofiira anakhazikika pansi, pamwamba panatsala madzi achikasu ngati mafuta ophikira. Kenako anafinyira madziwo m'thumba lina. Anamufotokozera Marita kuti mtima wa mwana wofooka chonchi sungapirire thumba lonse, chimene akusowa ndi ofiirawo basi.

Bonifasi anali akusuzumira pa windo. Anakuwa mpaka odikirira odwala onse pakhonde anatembenuka.

"Mwaziona? Theka lonse madzi okhaokha! Ndinkanena ine kuti munthu uyu ndi wachabechabe. Magazi osukuluka amenewa salowa mwa mwana wa mbumba yanga!"

"Achimwene, mwana akufa," anatero Marita.

"Timutenge, tikaona zina kumudzi. Ukangodinda chala pa pepala lawo lovomereza kuti amuike magaziwo, dimba lija uliiwale. Ukalime ku Mulanje kwa amuna akowo."

Dimba limenelo ndilo linkadyetsa Marita ndi ana ake atatu chichokere Lazaro. Bonifasi ankadziwa bwino pamene akubaya, ndipo Marita anamuda nthawi yomweyo kuposa mmene anadera munthu aliyense chibadwire.

Lazaro anadzuka pa benchi, chibakera atakunga, koma chizungulire chinamukhazikanso pansi. "Alamu," anatero akupuma mwawefuwefu, "tukwanani ine mmene mungafunire. Mwanayo musiyeni."

"Khala chete iwe! Matipate akupatsa pakamwa eti?"

Vinsenti anatuluka, singano yatsopano ili m'manja, nkhope yosaseka. "Bambo, magazi a munthu aliyense akakhala amatero. Koma ngati anu ndi ofiira okhaokha, lowani tiwayeze. Akagwirizana ndi a mwana, alandira anuwo, awa tisungira wina."

Amayi ena amene ankasenda mbatata pakhonde anasiya mpeni kuti aone bwino. Bonifasi anayang'ana singano, anayang'ana anthu. Pokalipa paja anali atapinda malaya mpaka m'zigongono ngati munthu wokonzekera ndewu. Tsopano anawatsitsa mwakachetechete n'kumanga mabatani onse awiri.

Marita anapita pa tebulo la anesi. Anaviika chala mu inki n'kudinda mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

"Dimbalo tengani, achimwene," anatero osatembenuka. "Koma mukakakhala pa mowa, mukawauze anzanuwo kuti Edina ndi magazi a mkamwini."

Analowa mu wodi kukagwira mkono wa mwana wake kuti anesi apeze mtsempha.