Chiberekero cha Gislaine

Lachiwiri m'mawa, pa 14 Meyi, madokotala a pa chipatala china ku São Paulo anatsimikiza kuti ubongo wa Gislaine wafa. Mtsempha wamagazi unaphulika m'mutu mwake, ndipo ankapumira makina.

Mwamuna wake, Valdemir, anali atavomera kale kupereka mtima, chiwindi ndi impso. Koma namwino Marilene atatchula chiberekero, choti akachiike mwa mayi wina wosabereka, iye anadzambatuka.

"Chimenecho ayi! Mwana wa mkazi wanga akaleredwe ndi anthu osawadziwa?"

"Takhala pansi, mwananga," anatero Dona Zuleide, mayi ake a Gislaine. Misozi inali isanaume, koma nkhaniyi inawagwira mtima. "Anamwino, chiberekero cha womwalira n'kukaberekanso mwa munthu wina? Ndiye kuti ndidzakhala ndi mdzukulu wina! Mayiyo amakhala kuti? Ndiyambe kuluka tisokosi."

"Nonse awiri mwaphonya pamodzimodzi," anayankha Marilene. "Mazira a Gislaine sititenga. Mayiyo anabadwa wopanda chiberekero, koma mazira ake ali nawo. Mwanayo adzakhala wa iye ndi mwamuna wake. Dzina lake sitingakuuzeni, ndipo lanu sadzalimva."

Mdzukulu uja anawapulumuka Dona Zuleide asanamunyamule n'komwe.

"Nanga chidzagwiradi?" anafunsa.

"Nthawi zina chimakanika. Ntchitoyi ikadali ya kafukufuku, n'chifukwa chake tikupempha chilolezo chapadera. Timayamba kuchotsa ziwalo zopulumutsa moyo, chiberekero pomaliza. Lamulo likuti banja ndilo ligamule."

"Maliro ndi mawa, ndipo bokosi likhala lotsegula," anatero Valdemir. "Anthu akaone chiyani?"

"Akaona Gislaine. Timasoka bwinobwino, chovala chimabisa."

Dona Zuleide anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Waiwala Lamulungu lija tikudya feijoada, nyemba zathu zija zophika ndi nyama ya nkhumba, iwe ukulimbana ndi khutu la nkhumba? Gislaine anati chiyani?"

Valdemir anaseka uku akupukuta m'maso. "Anati, 'Ana atatu akwana, fakitale ndatseka. Koma makina ngabwinobwino. Ndikafa mudzapereke zonse, nyongolotsi zisadye zaulere.'"

"Zonse. Sanachotsepo kanthu. Mdzukulu si wanga, chabwino. Koma kwinakwake kuli gogo amene akudikira."

Valdemir anasaina.

Lachitatu, pa maliro, Dona Zuleide anakonza kolala ya diresi lobiriwira la mwana wawo. Panalibe chooneka. Patapita mlungu, Marilene anaimba foni: opaleshoni ya mayi uja inayenda bwino, magazi akuyenda m'chiberekerocho. Zina sananene. Tisokosi tija Dona Zuleide analukabe, n'kukatisiya kuchipinda cha ana obadwa kumene, osalembapo dzina.

Phunziro ndi ili: mwana wobadwira m'chiberekero chopatsidwa ndi wa makolo amene anapereka dzira ndi mbewu, osati wa womwalirayo. Ndipo tsiku la imfa yanu likafika, ofunsidwa ndi abale anu, osati inu. Auzeni maganizo anu mukadali moyo, ngakhale pa chakudya cha Lamulungu.