Dothi la Amayi

Ndinawapeza atataya kale mathireyi khumi ndi awiri m'dzenje. Alamu anga, akulu awo a amuna anga, ankanyamula thireyi, kuligadabuza, kuligogoda pamwala kuti mbande zonse zigwe, kenako n'kutenga lina. Zinali mbande za letesi za masabata atatu, zomwe ndinafesa ndekha, njere imodziimodzi, ndi nsonga ya kamtengo konyowetsa.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino?"

"Funsani wanuwo," anayankha osandiyang'ana. "Matenda onse ali m'mundamu akuchokera ku nazale kuno. Kuyambira Lolemba muzikatsuka makreti kushedi. Kuno azigwira ndi mayi a kwathu."

Mayi a kwawowo, akazi awo, anali ataima pakhomo la nazale, atavala kale epuloni yanga. Munthu woti mbande ya letesi ndi ya kabichi kwa iye ndi chimodzimodzi!

Munda ndi wa apongozi anga aamuna. Alamu amayang'anira mabedi, amuna anga amayendetsa galimoto yopititsa masamba ku mahotela. Koma nazale ndinamanga ndine. Nditakwatiwa pabanjapo ndinapeza akugula mbande kwa anthu, zina zofota, zina zokalamba. Ndinazika mitengo, ndinakoka pulasitiki, ndinakhoma mashelefu mpaka zikhadabo kuthothoka. Zaka khumi ndi chimodzi palibe anadandaulapo.

Chaka chimenecho letesi anayamba zachilendo. Mitsempha ya masamba inkatupa n'kuyera mbee, masamba n'kukwinyika, mutu osamanga. Ophika ku mahotela anayamba kutibwezera makreti. Alamu anati ndi nsabwe za m'masamba, ndipo anapopera mankhwala mpaka njuchi zinasiya kutiyendera. Palibe chinasintha. Atasowa chopopera, anatembenukira ine.

Lamlungu masana tinakumana pabalaza pa apongozi. Iwo anakhala pampando wawo wapakona, pansi pa chithunzi cha malemu akazi awo. Alamu analankhula nthawi yaitali: zoti ndimagwira mbande ndi manja akuda, zoti ndimalowetsa anzanga a kumsika mu nazale, zoti ndinayamba kudzimva. Amuna anga ankangoyang'ana maluwa a pansalu ya patebulo ngati awaona koyamba.

"Mwatha?" ndinafunsa. "Bambo, ndiloleni nanenso ndinene. Matendawa sanayambire ku nazale. Anayambira pabedi la amayi. Ndinawaona chaka chatha, mizere iwiri ya kumunsi, komwe madzi amadikha mvula ikagwa."



Apa ndiyenera kufotokoza. Dothi lofesera mbande ndimaliphika. Ndimalithira mumgolo, kuwaza madzi pang'ono, kuvundikira, n'kusonkha moto pansi mpaka nthunzi ipyoze lonse, kuti chilichonse chobisala m'menemo chife. Koma chimwalirireni apongozi anga aakazi, zaka zinayi zinali zitapita, bambo anayamba kachitidwe kawo. Nyengo iliyonse yofesa ankakumba wilibala imodzi pabedi lomwe akazi awo ankalima okha, kumunsi kwa munda, n'kudzaikhuthula pamwamba pa dothi langa lophika. Ankasakaniza okha ndi manja. Tsiku loyamba ndinati tiliphike kaye. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mukufuna muphike amayi anu?" Ndinatseka pakamwa, ndipo kutseka kumeneko ndi mlandu wokhawo umene ndimauvomera.

"Mwamva?" anatero alamu, akumenya tebulo. "Amoyo amuthera, tsopano akunamizira akufa!"

"Sindikunamizira munthu. Ndikunena dothi."

"Dothi limenelo linaphunzitsa ana anga onse," anatero apongozi, mawu ali pansipansi. "Iwe wabwera dzulo."

"Zaka khumi ndi chimodzi, bambo."

"Dzulo."

Ndinayang'ana amuna anga. "Inu mulibe mawu?"

Anakanda kumutu. "Amake ana, kushedinso ndi ntchito. Tingozisiya zizizire."

Kunena zoona, alamu sanandipweteke ngati munthu ameneyu, yemwe usana uliwonse amadya zophika zanga.

Lolemba sindinapite kushedi. Pakhonde pathu ndinali ndi mathireyi awiri a mbande zomwe ndinafesa m'dothi lophika lokhalokha, njere zomwezo, manja omwewo. Zinali zobiriwira bwino. Ndinazula zisanu. Ndinakatola zina zisanu m'dzenje la alamu, ndinakumba letesi atatu pabedi la amayi ndi mizu yomwe, chilichonse m'pepala lakelake, n'kulemba pamwamba ndi makala. Ndinakwera basi mpaka ku ofesi ya ofufuza za mbewu. Mlonda anafuna kundibweza, akuti ndilibe kalata. Ndinakhala pansi pageti pomwepo, katundu pamiyendo, mpaka mayi wina wovala chovala choyera anatuluka kudzaona amene akuchita phokoso.

Masabata awiri otsatira ndinatsuka makreti. Ndinkaona mkazi wa alamu akuthirira mbande dzuwa lili paliwombo, ndi payipi yotsegula ngati akutsuka galimoto. Ndinaluma mano.

Mayi wofufuza uja anabwera yekha Lachinayi m'mawa. Anali wamfupi, wosaseka zachabe. Asanaponde m'munda anavala mapepala apulasitiki pamwamba pa nsapato zake. Alamu anathamanga kukamulandira.

"Mwachita bwino, adokotala. Gwero lake tinalipeza kale, ndipo tinachitapo kanthu. Tiyeni ku nazale mukaone."

"Ndiyambira kumunsi," anatero mayiyo. "Ali kuti mayi anabweretsa mizu aja?"

Tinatsetsereka tonse, apongozi kumbuyo ndi ndodo yawo. Pabedi la amayi mayiyo anazula letesi mmodzi, anakutumula dothi, n'kutionetsa mizu.

"Mukaiona chonchi ndi yoyera, ngati yabwinobwino. Koma pamakina athu oonera tinthu ting'onoting'ono, m'kati mwake mwadzaza kanthu kamtundu wa chuku. Pakokha sikavulaza kwenikweni. Vuto lake kamanyamula kachilombo kena, vayirasi, kamene kakutupitsa mitsempha ya masambawa. Dothi likanyowa kamasambira m'madzi, kuchoka muzu uwu kukalowa muzu uwo, katundu wake ali kumsana."

"Ndiye tipopere chiyani?" anafunsa alamu.

"Mukapopera masamba, iko kali pansi kakukusekani. Ndipo musaganize kuti mukasiya kulima chaka chimodzi kafa. Kamagona m'dothi zaka khumi, kaya kupitirira, kudikira muzu wa letesi."

"Koma manja a munthu? Munthu wauve akamagwira mbande?"

Mayiyo anawayang'ana alamu kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. "Bambo, mbande zokhazo zomwe ndinazipeza zopanda kanthu ndi za pakhonde pa mayiwa. Za m'nazale zonse zinali nako. Kanthuka kamayenda ndi dothi, ndi madzi, pakhasu, pansi pa jombo ngati zanuzo. Funso langa ndi limodzi. Akuti dothi la nazale limaphikidwa. Ndiye losaphika limalowamo bwanji?"

Yankho linali pakamwa panga, lotentha. Ndinalimeza. Ndinali nditalankhula kale Lamlungu lija, ndipo ananditcha wa dzulo. Tsopano ndinkafuna ndimve liwu la mwamuna.

Alamu anayang'ana kuthanki yamadzi. Amuna anga anayang'ana alamu. Mayiyo anadikira, cholembera chili m'manja, wosafulumira konse.

"Ndine," anatero apongozi. "Ndimatenga pano."

"Musiye lero," anatero mayiyo, akulemba. "Bedi ili mulitchinge ndi waya. Madzi ake asapite kwina kulikonse."

Mukuganiza kuti wina anapepesa? Galimoto ya mayiyo isanafike n'kugeti komwe, alamu anali akuuza amuna anga kuti iwo madzi a kumunsiwo ankawakayikira kalekale. Amuna anga anandinong'oneza kuti, "Mwaona, zatha bwino," ngati anathandizapo. Apongozi anatuma uthenga kudzera kwa amuna anga woti mawa ndibwerere ku nazale. Pakamwa pawo pokha panawalemera.

Ndinabwerera, koma ndinati amve bwino onse: mashelefu ndichapa ndi mankhwala, dothi lonse lakale lituluka, ndipo pakhomo pakhala beseni. Wolowa avule jombo panja, asambe m'manja. Aliyense.

Patatha masiku atatu, ndikufesa, ndinamva ndodo ikugogoda njira. Apongozi m'mawa uliwonse ankayamba apita kumunsi kukaima pabedi lija, ndipo waya sunawaletse. Jombo zawo zinali zitanyamula matope akuda mpaka m'akakolo. Anakankha chitseko, phazi limodzi lili kale m'mwamba.

"Bambo," ndinatero. Ndinangoloza pansi.

Alamu anali chapafupi akumanga payipi. "Alamu, mwayamba kuvula bambo nsapato pamunda pawo?"

"Inunso mukafuna kulowa muvula."

Apongozi anatsamiritsa ndodo kukhoma, anakhala pachidebe chovundikira, n'kuyamba kulimbana ndi jombo yakumanja. Inakana. Anapuma, anakokanso, mpweya ukuwathera. Mwana wawo sanasunthe. Inenso sindinasunthe, m'manja mwanga munali njere.

Zitavuka zonse ziwiri, anaziimika bwinobwino kunja, moyandikana. Anasamba m'beseni mpaka m'zigongono. Analowa ndi masokosi, imodzi yobooka, chala chachikulu chili panja, ndipo anaima pakati pa mashelefu ngati mlendo pa nyumba ya eni.

"Ndiponde pati, apongozi?" anandifunsa.