Sikirini Yophethira

Ku ofesi ankangowatchula kuti Mayi Batire. Ntchito yawo inali yolemba pulogalamu yoyendetsa sikirini ya matabuleti a kampaniyo kuti isamadye moto wambiri. Chithunzi chikaima, pulogalamuyo inkatsitsa liwiro la memore, kachipangizo kosunga ndi kutumiza zithunzi ku sikirini, batire n'kupumako. Koma ukatsitsa mopyola, sikirini imasowa choonetsa n'kuyamba kuphethira ngati yalowedwa kachitsotso m'diso.

Tsiku lina m'mawa abwana anafika padesiki pa mayiwo akutafuna soseji. Ananyamula tabuleti yoyesera ndi zala zamafuta, galasi lonse kuti nyankha.

"Ogula akufuna batire yotha tsiku lathunthu. Tsitsaninso liwirolo."

"Ndikatsitsanso iphethira, bwana. Taonani."

Mayiwo anatsitsa liwirolo, natsegula vidiyo. Mizere yakuda inayamba kung'anima, ndipo pakona panatuluka kauthenga kofiira.

Abwana anageya. "Nanga kofiira aka n'kachiyani?"

"Kamatichenjeza kuti memore ikuchedwa kutumiza chithunzi."

"Kafufuteni. Ogula amangosuzumira pang'ono basi."

"Komatu matabuletiwa akupita m'masukulu. Mwana wa achemwali anga amagwa khunyu akangoona zophethira chonchi."

"Ndiye auzeni asam'patse," anatero abwana akuseka, uku akupukutira zala pampando wa mayiwo.

Atachoka abwana, Mayi Batire anatenga kansalu n'kuyamba kukwecha galasi lija. Magalasi, mnzawo wa desiki yoyandikana, anasendeza mpando.

"Ingofufutani, mayi. Ine fungo la pano ndinasiya kulimva kalekale."

"Fufutani nokha, achimwene. Manja angawa ayi."

Magalasi anafufutadi nkhomaliro isanakwane, akuimba mluzu.

Ogula atabwera, Mayi Batire anaikidwa kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti azigawa madzi. Tabuleti inaphethira pamaso pa onse. Bambo wina wachikulire anatikita m'maso.

"Ndi babu lathuli," anafulumira abwana, akuloza kudenga. "Latopa."

Anthu anaseka, naomba m'manja. Magalasi ndiye ankaomba kwambiri.

Mayi Batire anaika mabotolo pansi, natuluka. Pamasitepe anaimbira foni achemwali awo.

"Achemwali, kusukulu akagawa tabuleti ija, mwanayo asaigwire. Muwauzenso aphunzitsi ake, ndi makolo ena onse."

"Si yopanga inu yomwe ija? Mumainyadiratu."

"Yomweyo."

"Nanga kwatani?"

"Ndikubwera konko, ndidzafotokoza. Mundisungire madzi osamba."