Disiki Yozulidwa Pakati pa Ulendo

Makina anazimanso. Asisi anangoyang'ana sikirini yakudayo, kenako foni yawo imene inkanjenjemera patebulo. Anali amayi awo.

"Ndavala kale, mwanangu. Adokotala a maso aja anati tikachedwanso lero, basi, atichotsa pamndandanda wa odwala."

"Ndikubwera, amayi. Khalani kaye pampando."

Tsiku lopita kwa adokotalali Asisi anali atalisintha kangapo chifukwa cha ntchito, pamene ng'ala m'maso mwa amayiwo inkangokula. Koma abwana anali atanena m'mawa kuti palibe wotuluka mpaka makina asiye kufa, poti eni ake adzawatenga mawa.

Asisi ankalemba kenelo, pulogalamu ya pakatikati imene imayendetsa kompyuta yonse. Gawo lawo linali loyendera mndandanda wa madisiki, kufunsa iliyonse ngati ili bwino. Pamndandandapo disiki iliyonse ndi imene imaloza inzake yotsatira. Pulogalamuyo inkatseka mndandanda ndi loko kuti wina asausinthe, koma poti disiki imayankha mwaulesi, inkatsekula kaye podikira yankho. Munthu akazula disiki pa nthawi yomweyo, gawo lina linkaifufuta pamndandanda. Pulogalamu ya Asisi pobwerera kuti ione yotsatira, inkaponda m'dzenje, makina n'kufa.

Tsoka lake, gawo lofufutalo linali la a Chipewa, bambo amene sankavula chipewa ngakhale kutenthe bwanji. Awiriwa sankayankhulana chiyambire tsiku limene a Chipewa anafunsa pamsonkhano ngati pulogalamu ya Asisi inalembedwa ndi manja kapena mapazi. Matebulo awo anali ogundana, koma nkhani zonse zinkadzera pakompyuta.

Asisi anayesa kuthana nazo okha. Anasiya mndandanda wotseka pa ulendo wonse woyendera madisiki, kenako anapita pakona pomwe panali makina oyeserawo n'kuzula disiki imodzi. Makina sanazime, koma anangouma gwa, chilichonse chili pamzere kudikira loko. Anabwerera pampando msana ukuwawa, tiyi wawo atachita kale khungu pamwamba. Anali atatopa kwambiri, ndipo ngakhale mkwiyo unali utawathera.

Foni inaliranso. Sanayankhe. Anatembenuza mpando wawo, mawilo ake n'kulira.

"A Chipewa."

Bamboyo anayang'ana kumbuyo kwake ngati kuli munthu wina. "Ine? Kani pakamwa panu pamatsekuka?"

"Musandiseke, ndilibe mphamvu. Mwakhala mukuona ndikuvutika kuyambira m'mawa."

"Ndimaona. Ndinati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha."

"Yafota. Amayi anga akundidikira, akachotsedwe ng'ala. Dzulo anathira mchere mu tiyi."

A Chipewa anakankhira chipewa chawo kumbuyo n'kukoka mpando kufupi.

"Bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Kwa munthu amene amati ndimalemba ndi mapazi?"

"Ija inali nthabwala yoipa," anatero a Chipewa maso ali pasikirini. "Ndionetseni pomwe mumatsekula."

Asisi analoza ndi chala. "Ndisanatsekule, ndiziika chizindikiro padisiki imene ndaimapo, chosonyeza kuti pali munthu. Koma chizindikirocho n'chachabe ngati gawo lanu silichiyang'ana."

"Ndiye ine ndikachiona, ndiziilemba disikiyo kuti yachoka, koma ndisaifufute mpaka inu mutasuntha."

"Ndipo ine ndisachotse chizindikiro ndisanagwire yotsatira."

"Zomwezi basi? M'mawa wonse uja?" anaseka a Chipewa mowawidwa. "Safunsa anadya phula, Asisi. Tadyera limodzi."

Aliyense analemba mizere yake, yosadzaza n'komwe sikirini. A Chipewa anapita pakona paja, anazula disiki, makina n'kupitiriza ulendo. Anaibwezera, anazula ina, kenako ziwiri nthawi imodzi. Timagetsi tobiriwira tinkangophethira. Palibe anakuwa kapena kuwomba m'manja. Asisi ankangoganiza za maola amene anawataya chifukwa chosafuna kutembenuza mpando.

"Kwatsala kuyesa mpaka madzulo," anatero Asisi.

"Zimenezo n'zanga. Pitani. Abwana akafunsa, ndiyankha ine."

Asisi anatsika masitepe akuthamanga, chikwama chili chotsekula. Atafika kunyumba dzuwa linali litapendeka. Anapeza amayi awo atakhala pakhonde, atavala nsapato zawo zabwino, kachikwama kali pamiyendo. Mayiwo anakweza nkhope, n'kuyang'anitsitsa munthu amene anaima patsogolo pawo.

"Pepani, mukufuna ndani? Ine ndikudikira mwana wanga."

Asisi anawerama pafupi nawo. "Ndine, amayi."

Anawagwira dzanja n'kuwadzutsa kuti apite kuchipatala. Foni inayamba kulira m'chikwama, koma sanaitulutse.